Dzino Lothyokera M'nkhama

Nkhani yathu lero iri ya mano, makamaka ya ntchito ina imene madotolo a mano amaichita pa nkhama. Ambiri a ife tidziwa njira ziwiri zokha zothandizira dzino lodwala, ndizo kulimata ndi kulizula. Koma iripo njira yachitatu, imene nthawi zina ipulumutsa dzino limene mwini wake analitaya kale mumtima. Njirayi ndiyo yosendeza nkhama, ndi kupala pang'ono fupa limene liri pansi pake, kuti mbali ya dzino imene inali yobisika ionekere poyera. Pa Chingerezi aitcha crown lengthening, ndiko kunena kutalikitsa mutu wa dzino. Koma musanyengedwe ndi dzinalo, pakuti dzino silikula ai. Chimene chisuntha ndi malire a pakati pa dzino ndi nkhama.

Tiyambe ndi chinthu chimene chingathe kuonekera ali yense wa ife. Munthu ali kudya mpunga, ndipo mwadzidzidzi aluma kamwala. Dzino lake lakumbuyo, limene linali lobooka kuyambira kale, lisweka. Poyang'ana pa kalirole aona kuti patsala chitsa chokha, ndipo mbali ina ya chitsacho yamira m'nkhama. Muzu wake uli wolimba, sugwedera konse. M'mawa mwake apita ku chipatala atatsimikiza mtima kuti akazulitsa. Nthawi zina kuzula ndiko kuyenera ndithu. Koma tikumbukire kuti munthu wamkulu apatsidwa mano 32 okha, ndipo limodzi likachoka silimeranso. Mano oyandikana ndi mpatawo ayamba kupendekera komweko. Dzino la nsagwada inayo, limene linali kugundana nalo potafuna, liyamba kutuluka pang'onopang'ono chifukwa lasowa potsamira. Ndipo fupa limene linali kugwira muzu lifota. Chifukwa chake dotolo wanzeru, asanagwire chozulira, ayamba wadzifunsa ngati chitsacho chingathe kumangidwanso.

Kuti timve bwino yankho lake, tiyenera kudziwa mamangidwe a dzino. Dzino liri ndi mbali ziwiri: mutu, umene tiuona m'kamwa ndi kutafunira, ndi muzu, umene uli wozikika m'fupa la nsagwada. Pamwamba pa fupa pali nkhama, zimene zizinga khosi la dzino monga kolala ya malaya. M'mphepete mwenimweni nkhama sizimatirira ku dzino, koma pali kangalande kakang'ono kozungulira dzino lonse. Pansi pa kangalandeko ndi pamene nkhama zigwira dzino kolimba, kutsika kufikira pamene fupa liyambira. Malo ogwirawa ali ngati chitseko cha thupi, pakuti atsekereza tizirombo ta m'kamwa kuti tisafike ku fupa.

Malo amenewa anayesedwa. M'chaka cha 1961 zinalengezedwa zimene anapeza akatswiri atatu a ku Chicago, m'dziko la America, maina ao Gargiulo, Wentz ndi Orban, amene anayesa mano 287 a anthu omwalira. Tengani rula ya mwana wa sukulu, muyang'ane timizere tating'onoting'ono tija ta mamilimita. Iwo anapeza kuti kangalande kaja sikakwana milimita imodzi kuya kwake, ndi kuti malo amene nkhama zigwira dzino, kuchokera pansi pa kangalande kufika pa fupa, ali mamilimita 2.04. Muyeso uwu uli wa pakatikati, pakuti anthu asiyana, ndiponso mano a m'kamwa m'modzi asiyana. Koma phunziro lake lakhazikika kufikira lero. Poonkhetsa zonse pamodzi, madotolo anena kuti pakati pa fupa ndi m'mphepete mwa chinthu chiri chonse chimene amata pa dzino payenera kutsala mamilimita 3, kapena pafupi pamenepo.

Mwina wina afunsa kuti, nanga mamilimita atatu ali ndi kanthu kanji? Taonani chimene chichitika ngati dotolo sawasamala. Dzino losweka amalibveka chisoti, chopangidwa ndi chitsulo kapena ndi dongo loocha loyera la mtundu wa makapu a tiyi. M'mphepete mwa chisoticho muyenera kukhazikika pa dzino lolimba mbali zonse. Ngati dzino linathyokera m'kati mwa nkhama, ndipo dotolo akankhira chisoti pansi kufikira pafupi ndi fupa, ndiye kuti walowa m'malo amene thupi linadzisungira. Thupi sililola zimenezo. Nkhama zifiira, zitupa, zitulutsa magazi potsuka mano, ndipo sizipola ngakhale munthu azisamale chotani. Kwa ena fupa lenilenilo liyamba kusungunuka ndi kuthawira pansi, kufikira thupi litabweza mamilimita ake awiri aja. Koma liwabweza mosalongosoka, ndi kusiya thumba lakuya m'mene mubisala tizirombo ndi mafinya. Tsono nzeru ya ntchito imene tiri kunena ndi iyi: popeza thupi lidzatenga malo ake, tifune tisafune, nkwabwino kuti dotolo alipatse yekha malowo, mwa muyeso ndi mwaukhondo, chisoti chisanabvekedwe.

Chiripo chifukwa chachiwiri. Chisoti sichingagwire pa chitsa chachifupi. Amisiri a matabwa adziwa kuti chigwiriro cha tchizulo amachibveka mkombero wachitsulo kuti chisang'aluke pokhoma ndi nyundo. Momwemonso chisoti chiyenera kuzinga dzino lolimba, mamilimita 1.5 kufikira 2 kutalika kwake, kuzungulira konse. Popanda pogwira potere chisoti chiguluka, kapena muzu ung'aluka ndi mphamvu ya kutafuna, ndipo muzu wong'aluka m'litali ulibe mankhwala ena koma kuuzula. Mukaonkhetsa miyeso iwiriyi mupeza kuti dotolo afuna pafupifupi mamilimita 5 a dzino lolimba pamwamba pa fupa. Ngati palibe, ayenera kuwafukula.

Oweta ng'ombe adzamva msanga zimene ndiri kunena. Mzati wa khola ukadyedwa ndi chiswe ndi kuthyokera pa dothi penipeni, koma tsinde lake pansi likali lolimba, simungathe kumangirirapo mtengo wina, chifukwa palibe pogwira luzi. Mufukula dothi pang'ono kuzungulira chitsa, kufikira pataonekera mtengo wokwanira kumangapo. Koma mudziwanso kuti mukafukula kopitirira, mzati wonse udzagwedera, ndipo ng'ombe yoyamba kuutsamira idzaugwetsa. Ntchito ya dotolo iri chimodzimodzi. Nkhama ndi fupa ndizo dothi, ndipo luso lonse liri pa kudziwa polekezera.

Tsopano tione m'mene ntchitoyi ichitikira. Poyamba dotolo ajambula dzino ndi makina a ekisire, kuti aone kutalika kwa muzu ndi pamene fupa lalekezera. Ayesanso kuya kwa kangalande kaja ndi kachitsulo kolembedwa mamilimita. Ngati nkhama ziri zodwala, ayamba wapala mano, kuchotsa litsiro louma limene limatirira pa khosi la dzino, ndi kudikira kuti kutupa kuphwe, pakuti nkhama zotupa sizionetsa malire ake enieni. Afunsanso za matenda ena, monga a shuga ndi a mtima, ndi za mankhwala amene munthu akumwa, makamaka aja ochedwetsa kuundana kwa magazi monga warfarin ndi aspirin. Pa mafunso amenewa musabise kanthu, ndipo amayi oyembekezera anene.

Pa tsiku la ntchito munthu sagonekedwa tulo ai. Ambaya jakisoni wochititsa dzanzi pa nkhama, kawirikawiri wa mankhwala otchedwa lignocaine, amene anapangidwa koyamba ku Sweden m'chaka cha 1943. Munthu amva kukankha ndi phokoso, koma osati kupweteka. Ngati fupa liri kale patali mokwanira, ndipo chobvuta ndi kuchuluka kwa nkhama kokha, dotolo angodula nkhama zoonjezerazo ndi kampeni kakuthwa, kapena ndi makina a magetsi, kapena ndi kuwala kotentha kotchedwa laser, ndi kusalaza m'mphepete. Iyi ndiyo njira yapafupi. Koma ngati fupa liri pafupi, kudula nkhama zokha kuli kugwira ntchito pachabe, chifukwa patapita miyezi nkhama zidzameranso kubwerera pamalo pake, pofuna mamilimita aja.

Pamenepo dotolo achita zochuluka. Acheka nkhama m'mphepete mwa dzino ndi kuzipinda m'mbuyo, monga m'mene tipindira mkono wa malaya, kuti fupa lionekere. Apala fupalo pang'onopang'ono ndi kamakina kozungulira, madzi ali kuthiridwa kuti lisapse, ndipo aima kawirikawiri kuti ayese. Apalanso pang'ono pa mano oyandikana nalo mbali zonse ziwiri, kuti fupa litsike mwa chitsetse, lisakhale ngati dzenje. Atatha, atsuka bala ndi madzi a mchere, abweza nkhama pa malo atsopano cha ku muzu, nazisoka ndi ulusi. Ena aphimba balalo ndi mankhwala olimba onga phula. Pa dzino limodzi ntchito yonse itenga ngati ora limodzi, ndipo munthu abwerera kwao tsiku lomwelo.

Njira izi sizinayambe dzulo. Dotolo wa ku Vienna, dzina lake Robicsek, analongosola za kudula nkhama zodwala m'chaka cha 1884. Leonard Widman wa ku Stockholm analemba za kupinda nkhama m'mbuyo m'chaka cha 1918, ndipo m'chaka cha 1962 Nathan Friedman wa ku America analongosola bwino njira yosokera nkhama cha ku muzu. Onsewa anali kulimbana ndi matenda a nkhama. Ndi pambuyo pake pamene madotolo anaona kuti njira zomwezo zingathe kupulumutsa dzino losweka.

Ntchito ya dotolo ikatha iyamba ntchito ya mwini dzino. Dzanzi likachoka pamakhala kupweteka ndi kutupa pang'ono kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo paracetamol kapena ibuprofen akwanira, monga dotolo adzalangizira. Tsiku loyamba musachukuche m'kamwa, musalabvule kolimba, ndipo musadye chakudya chotentha kwambiri. Magazi akatuluka, pindani kansalu koyera, mukanikize pa bala kwa mphindi 20 osachotsa kuti muone. Kuyambira tsiku lachiwiri chukuchani pang'onopang'ono ndi madzi ofunda a mchere, kapena ndi mankhwala a chlorhexidine ngati mwapatsidwa. Mano ena onse muwatsuke ndi mswachi monga mwa nthawi zonse, koma pa bala musakhudze kufikira dotolo atalola. Idyani phala, nthochi zakupsa, mazira, mbatata yophika ndi nsima yofewa, kutafunira mbali inayo. Chimanga chokazinga, mtedza, nzimbe ndi tsabola zidikire. Fodya, wosuta ndi wofwenkha yemwe, achedwetsa kupola koposa. Ulusi amauchotsa patapita masiku 7 kufikira 14. Koma ngati kutupa kuli kukulirakulira tsiku lachitatu litapita, kapena pali mafinya, kapena thupi latentha, kapena magazi akana kuleka, bwererani ku chipatala osadikira tsiku limene munauzidwa.

Apa ndi pamene ambiri ataya mtima. Bala likapola iwo afuna chisoti chao tsiku lomwelo, koma dotolo awauza kuti adikire. Chifukwa chake nchakuti nkhama zipitiriza kusuntha kwa miyezi, kufunafuna pokhazikika. Kwa ena zikwera pang'ono, kwa ena zitsika. Pa mano akumbuyo amadikira masabata 6 kapena kuposerapo, ndipo pa mano akutsogolo, amene aoneka munthu akaseka, amadikira miyezi 3 kufikira 6. M'nthawi imeneyi dzino libvala chisoti chongoyembekezera. Chisoti chenicheni chikabvekedwa msanga, nkhama zingathe kuthawa ndi kusiya mzere wakuda poyera, ndalama zitapita kale. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Si dzino losweka lokha limene lifikitsa anthu pa ntchito imeneyi. Alipo anthu amene akamwetulira nkhama zionekera kwambiri, ndipo mano aoneka aafupi ngati a mwana. Dzino likamera, nkhama ziyenera kubwerera pang'onopang'ono kufikira pa khosi lake. Koma kwa ena kubwereraku kuimira panjira, ndipo mbali ina ya mutu wa dzino itsala yokwiririka. Dzino lakutsogolo lapamwamba la munthu wamkulu litalika mamilimita 10 kapena 11, ndipo ngati poonekera pali pochepa kwambiri, otsalawo angakhale ali pansi pa nkhama. Iyi si nthenda, ndipo palibe chokakamiza munthu kukadulitsa. Koma amene chimbvuta mumtima angathe kuthandizidwa. Anyamata ndi atsikana amene akali kukula asafulumire, pakuti nkhama zao zisanakhazikike. Tidziwenso kuti nkhama zionekera pa zifukwa zina, monga mlomo wapamwamba waufupi kapena wokwera kwambiri poseka, ndi nsagwada yapamwamba yaitali. Kwa otere kudula nkhama sikuthetsa kanthu, kungoika mizu pamtunda.

Aliponso ena amene nkhama zao zikula ndi kukwirira mano chifukwa cha mankhwala amene amwa masiku onse. Odziwika koposa ndi phenytoin wa matenda a khunyu, amene bvuto lake pa nkhama linalembedwa m'chaka cha 1939. Nifedipine ndi amlodipine a kuthamanga kwa magazi. Ndi ciclosporin, amene apatsidwa kwa anthu oikidwa impso ya munthu wina. Nkhama zotere zikula msanga m'kamwa mosatsukidwa bwino. Dotolo wa mano angathe kuzidula, koma kawirikawiri zimeranso ngati mankhwala ali omwewo. Komatu musaleke mankhwala anu nokha chifukwa cha nkhama. Khunyu ndi kuthamanga kwa magazi ziri zoopsa koposa nkhama zotupa. Pitani kwa dotolo amene anakulemberani, ndipo iye adzaona ngati pali ena oyenera kulowa m'malo mwake.

Tsono tisabise mbali inayo, pakuti walira mvula walira matope. Fupa lopalidwa silibwereranso, ndipo mano oyandikana, amene sanalakwe kanthu, ataya nao pang'ono. Khosi la muzu liribe chikuto cholimba chija cha pa mutu wa dzino. Chotero likakhala poyera dzino liyayamira pakumwa madzi ozizira kapena tiyi wotentha, kwa masabata kapena miyezi, ndiponso libooka msanga ngati munthu satsuka bwino. Pakati pa mano pangathe kutsala timipata m'mene mukakamira chakudya, ndipo dzinolo lingaoneke lalitali kuposa anzake.

Chifukwa cha izi alipo mano amene dotolo akana kuwachita, ndipo pokana sali waulesi. Ngati muzu uli waufupi, kotero kuti atapala fupa gawo lotsala m'kati likhala lochepa kuposa gawo la pamtunda, dzino lidzagwedera ngati mzati uja. Mano akumbuyo ali ndi mizu iwiri kapena itatu. Ngati kupala kufikitsa pa mphanda pamene mizu ilekanira, patseguka phanga limene mswachi sungalifike, ndipo dzino litayika ndithu. Munthu amene shuga wake sali m'malo mwake, ndi wosuta fodya kwambiri, mabala ao apola mobvuta. Pa dzino lakutsogolo limodzi, pamene kutsitsa nkhama kungaipitse maonekedwe, iripo njira ina: dotolo amanga waya pa mano ndi kukoka chitsacho pang'onopang'ono kwa masabata angapo, kufikira chitatuluka mokwanira. Ndipo nthawi zina choonadi nchakuti dzino latha, ndipo nkwabwino kulizula ndi kusunga fupa kuti lidzagwire dzino loikirira.

Ngati dotolo akuuzani za ntchito imeneyi, musachite manyazi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Funsani ngati muzu uli wautali mokwanira. Funsani ngati adzadula nkhama zokha kapena adzapalanso fupa, ndi chimene mano oyandikana adzataya. Funsani mtengo wa zonse pamodzi, ndiko kuti kuchiza muzu ngati kufunika, kusendeza nkhama, ndi chisoti chomwe. Pakuti kusendeza nkhama popanda ndalama ya chisoti kuli ngati kukumba maziko popanda njerwa. Si chipatala chiri chonse chimene chichita ntchitoyi, chifukwa madotolo a mano achepa m'maiko athu. Ku Malawi maphunziro a udotolo wa mano anayamba ku Blantyre m'chaka cha 2019, mothandizana ndi University of Glasgow. Ngati kwanu kulibe wodziwa, pemphani kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu. Ndipo musalole munthu ali yense kucheka nkhama zanu kapena za mwana wanu ndi lumo kumudzi. Iye sadziwa pamene fupa liri, ndipo lumo lingathe kutenga kafumbata, nthenda ya chiwindi ndi kachirombo ka HIV.

Mau anga otsiriza ndi awa. Dzino silithyokera m'nkhama tsiku limodzi. Liyamba ndi kabowo kakang'ono kamene kakodola chakudya, ndipo kabowo kotere dotolo akamata pa kanthawi kochepa, popanda mpeni kapena ulusi. Tsukani mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, chepetsani shuga, ndipo mukamva dzino likuyayamira pitani msanga. Koma ngati lathyoka kale, musafike ku chipatala ndi mau amodzi okha akuti zulani. Yambani mwafunsa ngati muzu ungathe kupulumuka.